Chilolezo choyesera zipangizo za setilaiti pa ndege

Chilolezo choyesera zipangizo za setilaiti pa ndege ndi chikalata chimene boma limapereka, kudzera ku bungwe loyang'anira mafunde a wailesi, kwa kampani, sukulu ya ukachenjede kapena bungwe lina lofuna kuyesa chipangizo cholumikiza ndege ndi setilaiti. Chikalatachi chimatchula mafunde amene woyesayo aloledwa kugwiritsa ntchito, mphamvu imene chipangizo chingatulutse, dera loyeseramo ndiponso tsiku limene chilolezo chidzathe. Chimasiyana ndi laisensi ya malonda chifukwa chimakhala cha nthawi yochepa, ndipo mwini wake amayenera kuzimitsa chipangizocho akangouzidwa kuti chikusokoneza ena.

Ku Malawi nkhaniyi imakhudza mabungwe awiri: loyang'anira za mauthenga ndi loyang'anira za ndege. Nthawi zambiri imakhudzanso mayiko oyandikana nawo, popeza mafunde a wailesi saima pamalire. Chilumba cha Likoma, chomwe ndi cha Malawi koma chidazingidwa ndi madzi a dziko la Mozambique, chimaonetsa bwino mmene zinthu zitatuzi zimakumanirana.

Chipangizocho ndi ntchito zake

Chipangizo cha setilaiti cha pa ndege chili ndi zigawo zitatu zikuluzikulu. Choyamba ndi mlongoti, umene umaikidwa pamsana pa ndege kapena kuchipsepse chake, n'kuvindikiridwa kuti mphepo ndi mvula zisauwononge. Chachiwiri ndi modemu, imene imasandutsa mawu ndi uthenga wa pa kompyuta kukhala mafunde a wailesi. Chachitatu ndi kakompyuta kowongolera mlongotiwo, kamene kamadziwa pomwe ndege ili, komwe yaloza ndi mmene yapendekekera. Milongoti ina ndi timbale timene timatembenuka ndi injini yaing'ono. Ina ndi yafulati, siitembenuka, koma ili ndi timilongoti tambirimbiri timene timalozetsa mafunde pogwiritsa ntchito magetsi okha.

Zipangizozi zimagwira ntchito zitatu:

Kulumikiza oyendetsa ndege ndi oyang'anira kayendedwe ka ndege, makamaka pamwamba pa nyanja zikuluzikulu ndi m'madera momwe wailesi ya pansi siifika. Ntchitoyi imagwiritsa ntchito mafunde a gawo lotchedwa L, pafupifupi 1.5 ndi 1.6 GHz, kudzera pa masetilaiti a Inmarsat ndi Iridium.

Kupereka intaneti kwa okwera ndege. Apa pamagwira ntchito mafunde a gawo la Ku, pakati pa 11 ndi 14.5 GHz, ndi gawo la Ka, pakati pa 17.7 ndi 30 GHz.

Kuwongolera ndege zosakwera munthu, zomwe anthu amazitcha ma drone, zikapita kutali komwe woziulutsa sangazione ndi maso.

Masetilaiti ake ali m'magulu awiri. Ena ali pamtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo amazungulira pa liwiro lofanana ndi la dziko, kotero kuti munthu ali pansi amawaona ngati aima malo amodzi. Ena ali pafupi: masetilaiti 66 a Iridium amayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 780, pamene a Starlink ali pafupi ndi dziko kuposa pamenepo. Oterewa amadutsa m'mwamba m'mphindi zochepa, choncho mlongoti wa ndege umayenera kusiya setilaiti imodzi n'kugwira ina mobwerezabwereza ndegeyo ili paulendo.

Chifukwa chake pamafunika chilolezo

Mafunde a wailesi ndi chuma chimene anthu ambiri amagawana, ndipo chipangizo chimodzi cholakwika chingasokoneze ena m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi kusokoneza masetilaiti ena. Masetilaiti ooneka ngati aima malo amodzi aja adandandalikana moyandikana, ena motalikirana madigiri 2 okha. Mbale yaikulu ya pansi imatumiza mafunde ake mowongoka, ngati kuwala kwa tochi yabwino. Mlongoti wa pa ndege ndi waung'ono, ndipo mafunde ake amamwazika. Kuwonjezera apo ndege imakhota, imakwera, imatsika ndiponso imagwedezeka ndi mphepo. Mlongoti ukaphonya pang'ono, mafunde amagwera pa setilaiti ya eni ake, ndipo wailesi yakanema kapena intaneti ya dziko lina imayamba kudukaduka. N'chifukwa chake malamulo a ku United States adaika muyezo wakuti mlongoti wotere ukaphonya ndi madigiri oposa 0.5, uleke kutumiza mafunde pasadathe gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi.

Njira yachiwiri ndi kusokoneza zipangizo za pansi. Magawo ena a mafunde amene ndege zimagwiritsa ntchito ndi omwewonso amene amalumikiza nsanja za mafoni ndi zinzake. Ndege ikakhala pamtunda wa makilomita 10, mafunde ake angafike pansi pamalo otalikira makilomita oposa 350 mbali zonse. Dziko la Malawi ndi lalitali koma lowonda, ndipo m'madera ambiri silipitirira makilomita 160 m'lifupi. Motero ndege youluka pamwamba pa Malawi ingathe kusokoneza zipangizo za ku Mozambique, Zambia kapena Tanzania isadadutse n'komwe malire. Enanso ofunika kutetezedwa ndi akatswiri openda zakuthambo, amene amamvetsera mafunde ofooka kwambiri ochokera ku nyenyezi, monga pa 14.47 mpaka 14.5 GHz.

Njira yachitatu ndi kusokoneza ndege yomweyo. Ndege ili ndi mawailesi ake, zipangizo zolondolera njira ndi zoyezera kutalika kwake kuchokera pansi. Chipangizo chatsopano chiyenera kusonyeza kuti sichisokoneza chilichonse mwa izi, ndiponso kuti kuboola msana wa ndege n'kuikapo mlongoti sikufooketsa thupi lake.

Zinthu zonsezi sizingatsimikizike m'chipinda choyesera chokha. Pamafunika kuulutsa ndege yeniyeni, koma chipangizo chomwe sichidavomerezedwe sichiloledwa kutumiza mafunde. Chilolezo choyesera ndicho chimamasula mfundo imeneyi: chimalola kuyesako kuchitike, koma m'malire odziwika.

Malamulo a mayiko onse

Mabungwe awiri a United Nations ndiwo amaika maziko a malamulowa. Loyamba ndi International Telecommunication Union, mwachidule ITU, lomwe likulu lake lili ku Geneva. Gawo 18 la malamulo ake a wailesi limanena kuti munthu kapena kampani asakhazikitse kapena kuyendetsa chipangizo chotumiza mafunde popanda laisensi yochokera ku boma. Gawo 4.4 limalola boma kupatsa munthu mafunde mosatsata ndandanda ya ITU, pokhapokha ngati sasokoneza ena ndiponso sapempha kutetezedwa ena akamusokoneza. Zilolezo zambiri zoyesera zimatsamira pa mfundo imeneyi.

Bungwe lachiwiri ndi International Civil Aviation Organization, mwachidule ICAO, la ku Montreal, lomwe lidabadwa ndi Pangano la ku Chicago la mu 1944. Gawo 30 la panganoli limati ndege inganyamule chipangizo chotumiza mafunde m'dziko lina ngati ili ndi laisensi yochokera kudziko komwe idalembetsedwa, koma kagwiritsidwe ntchito kake kayenera kutsata malamulo a dziko lomwe ikudutsamo. Gawo 8 limati ndege yopanda woyendetsa isauluke pamwamba pa dziko lina popanda chilolezo chapadera cha dzikolo.

Malamulo a ITU amakonzedwanso pa msonkhano waukulu umene umachitika zaka zitatu kapena zinayi zilizonse. Msonkhano wa mu 2003 udalola ndege kutumiza mafunde ku masetilaiti pa 14 mpaka 14.5 GHz, koma popanda kusokoneza amene adayamba kale kugwiritsa ntchito gawolo. Wa mu 2019, ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, udatsegula 17.7 mpaka 19.7 GHz ndi 27.5 mpaka 29.5 GHz kwa zipangizo zoyenda za pa ndege, pa sitima za pamadzi ndi pa magalimoto. Udaikanso muyezo wa mphamvu imene mafunde a ndege angafike nayo pansi, udalamula kuti zipangizozi ziziyang'aniridwa nthawi zonse ndi likulu lotha kuzizimitsa lili kutali, ndipo udanenetsa kuti zisadaliridwe pa mauthenga okhudza chitetezo cha moyo. Msonkhano wa mu 2023 ku Dubai udawonjezera malamulo a zipangizo zolumikizana ndi masetilaiti oyenda pafupi ndi dziko. M'zigamulo zonsezi mfundo imodzi sidasinthe: chipangizo chimagwira ntchito m'dziko lililonse, ndi mumlengalenga mwake momwe, ngati boma la dzikolo lavomera.

Mmene chilolezo chimaperekedwera

Dziko lililonse lili ndi ndondomeko yake, koma zofunika zimafanana. Wopempha amafotokoza cholinga cha kuyesako, mtundu ndi chiwerengero cha zipangizo, setilaiti imene adzalumikizana nayo, mafunde otumizira ndi olandirira, mphamvu ya chipangizo ndi kamwazikidwe ka mafunde ake. Amatchula nambala ya ndege, njira imene idzadutse, kutalika komwe idzauluke ndi masiku ake. Amaperekanso dzina la munthu amene angaimbiridwe foni nthawi ina iliyonse kuti azimitse chipangizocho.

Bungwe loyang'anira limayerekeza pempholi ndi kaundula wa amene ali kale ndi mafunde m'deralo. Likaona kuti kuyesako kungafike kutsidya kwa malire, limalembera bungwe linzake la dziko loyandikana nalo. Pambuyo pake limapereka chilolezo cha masabata, miyezi kapena zaka zochepa. Kuyesa kumayambira pansi, ndege itaima pabwalo, kenako kumapita m'mwamba. Mbali ya oyang'anira za ndege imayenda payokha: iwo amavomereza kaikidwe ka mlongoti, mawaya ndi magetsi ake, ndipo amalola ndegeyo kuuluka ili ndi chipangizo chomwe chikadali kuyesedwa.

Chitsanzo chodziwika ndi cha kampani ya SpaceX ku United States. Ngakhale idali kale ndi chilolezo cha mbale za Starlink za panyumba, mu 2020 idapempha bungwe la Federal Communications Commission chilolezo choyesera zipangizozo pa ndege za mtundu wa Gulfstream. Chilolezo chogwiritsa ntchito Starlink pa ndege, sitima ndi magalimoto oyenda chidatuluka pa 30 June 2022. Nkhaniyi ikuonetsa kuti laisensi ya chipangizo chokhazikika padenga la nyumba siyenda yokha kukafika pa ndege. Intaneti ya setilaiti m'ndege idayamba kale izi zisadachitike: kampani ya Boeing idaiyambitsa mu 2004 pa ndege za Lufthansa, koma idaitseka mu 2006 chifukwa sinkabweretsa phindu.

Mabungwe a ku Malawi

Woyang'anira mafunde a wailesi ku Malawi ndi Malawi Communications Regulatory Authority, bungwe lodziwika ndi dzina lakuti MACRA. Lidakhazikitsidwa ndi lamulo la za mauthenga la mu 1998, lomwe lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2016. MACRA imagawa mafunde, imapereka malaisensi kwa makampani a mafoni, a intaneti ndi nyumba zoulutsa mawu, ndiponso imavomereza mitundu ya zipangizo za mauthenga zisadayambe kugulitsidwa m'dziko muno. Mu October 2022 idapereka malaisensi kwa Starlink, ndipo kampaniyo idayamba kugwira ntchito ku Malawi mu July 2023.

Za ndege zidakhala kwa nthawi yaitali m'manja mwa nthambi ya boma ya Department of Civil Aviation. Lamulo la mu 2017 lidakhazikitsa bungwe loima palokha la Civil Aviation Authority. Ndege zolembetsedwa ku Malawi zili ndi nambala yoyamba ndi 7Q, zilembo zomwe zidachokera ku mndandanda wa mayina a pa wailesi umene ITU idagawira dzikoli. Zilembozi zimakumbutsa kuti ndege iliyonse ilinso siteshoni ya wailesi youluka.

M'chigawo cha kummwera kwa Africa, MACRA imakumana ndi mabungwe anzake m'gulu la CRASA, lomwe likulu lake lili ku Gaborone. Mnzake wa ku Mozambique ndi INCM, wa ku Zambia ndi ZICTA, ndipo wa ku Tanzania ndi TCRA.

Malawi ali ndi mbiri yake pa nkhani yolola kuyesa zouluka zatsopano. Mu March 2016 bungwe la UNICEF ndi boma adayesa ma drone a kampani ya Matternet ku Lilongwe, kuti aone ngati angafulumizitse kanyamulidwe ka magazi a makanda okayezedwa HIV. Mu June 2017 adatsegula dera loyeseramo ma drone ku Kasungu, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la m'tauniyo. Mfundo yake ndi yomweyo ya chilolezo choyesera: dera lodziwika, kutalika kodziwika, ndi woyang'anira wodziwika. Mu January 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata ntchitoyi.

Chilumba cha Likoma

Likoma ndi chilumba cha pa nyanja ya Malawi, chachikulu makilomita 18 m'bwalo lonse. Pamodzi ndi Chizumulu chimapanga boma la Likoma, lomwe pa kalembera wa mu 2018 lidali ndi anthu 14,527. Chili pamtunda wa makilomita ochepa kuchokera ku Cobué, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, koma makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Nkhata Bay. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA adakhazika likulu lawo pachilumbachi m'zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1903 adayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter. Pamene Britain ndi Portugal adagwirizana mu 1954 kuti malire adutse pakati pa nyanja, zilumba ziwirizi zidatsalabe mbali ya Nyasaland, ngakhale zili kum'mawa kwa mzerewo.

Mbiri imeneyi ili ndi zotsatira zake mumlengalenga. Ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Nkhata Bay kupita pabwalo la ndege la Likoma imayamba ulendo ku Malawi, imadutsa pamwamba pa madzi a Mozambique, n'kukateranso ku Malawi. Pa ulendo wosakwana ola limodzi, chipangizo cha setilaiti chimakhala chadutsa m'manja mwa maboma awiri. Ndipo chikamatumiza mafunde ndege ili pafupi kutera, gombe lomwe chili nalo pafupi ndi la Mozambique. Wofuna kuyesa chipangizo panjira imeneyi sangayang'ane malamulo a dziko limodzi lokha.

Komanso Likoma ndi malo amene zipangizozi zimafunikadi. Anthu ambiri ndi katundu wawo amafika pachilumbachi pa sitima, monga MV Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951 ndipo imazungulira madoko ake kamodzi pa sabata. M'miyezi ya mwera, mphepo yamphamvu yochokera kummwera, mabwato ang'onoang'ono amalephera kuwoloka. Chipatala chachikulu pachilumbachi ndi cha St Peter's, ndipo zina zofunika kuyezedwa ndi makina akuluakulu zimatumizidwa kumtunda. Mu 2019 ndi kumayambiriro kwa 2020, ntchito yothandizidwa ndi bungwe la USAID idaulutsa ma drone pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, kunyamula zokayezedwa za odwala, zotsatira zake ndi mankhwala. Ulendo umene pa sitima umadikira tsiku lake unkatheka tsiku lomwelo.

Drone youluka makilomita 70 pamwamba pa madzi imasowa m'maso mwa woiulutsa m'mphindi zochepa. Pamtunda ingadalire netiweki ya mafoni, koma pakati pa nyanja palibe nsanja, ndipo chakum'mawa foni ingathe kugwira netiweki ya ku Mozambique m'malo mwa ya kwawo. Apa ndi pamene kachipangizo ka setilaiti kamakhala chingwe chodalirika chodziwitsa woulutsa komwe drone ili, ndiponso choilamula kubwerera nyengo ikaipa. Pa ntchito yotere mafunde a gawo la L ndiwo amakondedwa: amanyamula uthenga wochepa, koma mlongoti wake ndi waung'ono ndi wopepuka, ndipo mvula siwavutitsa kwambiri. Mafunde a Ku ndi Ka amanyamula zambiri, koma amafooka mvula ikamagwa mwamphamvu. Choncho chipangizo choyesedwa mu September, kumwamba kuli mbee, chingachite mosiyana mu January mvula ili pakati, ndipo chilolezo choyesera chimakhala chothandiza kwambiri chikafika m'nyengo zonse ziwiri.

Setilaiti ndi chitetezo cha ndege

Ngozi ziwiri zimatchulidwa kawirikawiri pofotokoza kufunika kwa zipangizo zoyesedwa bwino. Mu March 2014 ndege ya Malaysia Airlines, ulendo wa MH370, idasowa ili ndi anthu 239. Chokha chimene chidalozera ofufuza kummwera kwa nyanja ya Indian chidali timauthenga timene chipangizo chake cha setilaiti chinkapatsana ndi setilaiti ya Inmarsat. Zitachitika izi, ICAO idakhwimitsa malamulo olondola ndege zikuluzikulu, kuti pamwamba pa nyanja malo ake azidziwika mphindi 15 zilizonse.

Ku Malawi, pa 10 June 2024, ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 amene adali m'ndegemo adamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima. Ndegeyo idapezeka tsiku lotsatira. Ofufuza a bungwe la BFU la ku Germany adapeza kuti batire la chipangizo cholengeza ngozi cha m'ndegemo lidatha nthawi yake mu 2004. Zipangizo zolengeza ngozi za masiku ano zimatumiza uthenga pa 406 MHz ku masetilaiti a Cospas-Sarsat, amene amadziwitsa opulumutsa komwe ndege yagwera. Ndege za asilikali sizili pansi pa Pangano la ku Chicago, ndipo chipangizo cholengeza ngozi n'chosiyana ndi cha intaneti, koma phunziro lake limakhudza zonse: kuvomereza chipangizo tsiku loyamba sikokwanira ngati palibe wobwerera kudzaona kuti chikugwirabe ntchito.

Mfundo zimene mayiko amakambirana

Makampani a masetilaiti ndi a ndege amadandaula kuti kupempha chilolezo m'dziko lililonse kumachedwetsa ntchito, popeza ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku Nairobi imadutsa mayiko angapo m'maola ochepa. Iwo amafuna kuti laisensi ya dziko komwe ndege idalembetsedwa izilemekezedwa ndi mayiko ena onse, monga mmene mayiko ambiri a ku Ulaya adagwirizanirana. Maboma nawo amafuna kusunga mphamvu zawo pa mlengalenga, kuteteza makampani a mafoni amene adalipira ndalama zambiri pogula mafunde, ndiponso kudziwa amene angamufunse chipangizo chikasokoneza.

Kwa mayiko ang'onoang'ono palinso vuto la zida ndi akatswiri. Kupeza chipangizo chosokoneza chomwe chili padenga la nyumba n'kotheka ndi galimoto yoyezera mafunde, koma chomwe chili pa ndege chimakhala chatuluka m'dziko woyeza asadafike. N'chifukwa chake malamulo amakono amadalira kwambiri likulu loyang'anira zipangizo lili kutali, kaundula wosunga komwe chipangizo chidali ndi mafunde amene chinkatumiza, komanso mgwirizano wa mabungwe oyandikana monga MACRA ndi INCM.